Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: ngongole ya Clio ija

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka mayi a ku Leeds amene munati nanunso munatuluka m'banja ndi chikwama chimodzi. Munandiliritsa. Koma funso limene labwera kwambiri ndi lakuti, galimoto ndinaisiyiranji poti inali yanga? Alamu anga ena, amene amawerenga mwakachetechete kenako n'kukanena ku Ntcheu zosiyana ndi zimene ndalemba, akuti ndinaisiya dala kuti ndipeze podzabwerera. Alamu, kokani mpando, lero ndi lanu.

Munthu wothawa usiku ndi ana awiri saima pakhomo n'kumapempha makiyi. Makiyi a Clio ija ankagona m'thumba la bambo a anawa, ndipo bulubuku yake, imene kuno amati carte grise, inkakhala m'galimoto momwemo. Dzina linali langa chifukwa ndinaigula ndine ndi ndalama zosambitsa nkhalamba, adiresi inali ya ku Villeurbanne, kufupi ndi mzinda wa Lyon kuno ku France, kumene ndinathawako. Kunyumba yosungira amayi kuja lamulo loyamba linali lakuti mwamuna asadziwe kumene uli. Ndiye ndikanaitenga bwanji?

Ndinapeza kanyumba ku Vénissieux, ana anayamba sukulu yatsopano, 2019 inafika pakati.

Linali Loweruka, malipiro atangolowa kumene. Ndinali nditalonjeza wachisamba nsapato zochitira masewera, chifukwa zakale zinali zitayasama kutsogolo. Tinatenga nsapatozo, mpunga, mafuta, nkhuku, ndi mayogati amene wamng'ono amawakonda. Pakauntala khadi inakana. Mtsikana wogulitsayo anaipukuta pa malaya ake n'kuyesanso. Inakananso. Kumbuyo kwathu mzere unali utatalika, bambo wina akupumira m'mwamba kuti ndimve. Ndinayamba kubweza zinthu chimodzichimodzi, ndikuwerenga timakobili ta m'kachikwama. Nkhuku inapita. Mayogati anapita. Nsapato zinali kale m'manja mwa mwana, atazikumbatira pachifuwa. Sindinamuuze kanthu. Anandiyang'ana, n'kuziika yekha pakauntala, n'kunena m'Chichewa chake chopotoka chija kuti, "Amayi, zikundithina." Sizinkamuthina. Tinali titaziyesa limodzi. Mwana wa zaka 10 ankandiphimbira manyazi, ndipo mpaka lero ndikadutsa pashelefu ya nsapato za ana, m'mimba mumanditentha.

Kubanki anandiuza kuti si iwo, ndi boma. A zamisonkho anali atagwira akaunti yanga chifukwa cha ngongole ya zindapusa. Lamulo limati asiyepo kenakake koti munthu adye, nthawi imeneyo kanali pafupifupi mayuro 560, ndipo kanali katapita kale ku lendi ndi magetsi. Pamwamba pake banki imaloledwa kudulapo yakeyake, 10 pa 100 alionse a ngongoleyo, osapitirira mayuro 100. Zindapusa zanji, ine ndikuyenda pa basi?

Amene anandimasulira ndi mayi aja a assistante sociale, amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu ovutika, omwe aja anatipezera nyumba. Kale, munthu ukapaka galimoto osalipira, chindapusa chinali mayuro 17 dziko lonse la France. Kuyambira pa 1 Januwale 2018 mzinda uliwonse unapatsidwa mphamvu yoika mtengo wakewake, n'kuchipatsa dzina latsopano loti FPS. Lyon inaika mayuro 60 pakatikati pa tauni ndi 35 madera ena. Kalata imapita ku adiresi ya pa bulubuku. Ukakhala miyezi itatu osalipira, amawonjezerapo mayuro osachepera 50, ndiye 60 ija yasanduka 110. Ndipo safunsa kuti ankayendetsa ndani. Wangongole ndi amene dzina lake lili pa bulubuku, basi.

Ndinaimbira amalume, amene ndi ankhoswe anga. Poyamba anati, "Mwana wanga, za galimoto n'zazing'ono, bwanji muyambe mwakambirana za banja?" Nditawasinthira ndalamazo m'makwacha anakhala chete, kenako anati, "Ndiwaimbira akuchimuna usiku uno." Ankhoswe a mbali zonse anakankha pa WhatsApp mpaka bamboyo anavomera kukumana nane kwa abusa a ku Ghana aja, masana, khomo lili lotsegula.

Anabwera ndi katoni ya nsapato yodzaza maenvelopu. Ambiri anali osatsegula. Anati, "Mayi, ine ndinkaona dzina lanu, ndiye sindikanatsegula makalata a eni." Ulemu umenewu sindinauonepo zaka zonse za banja lathu. Abusa atamukakamiza, anasaina fomu yosonyeza kuti galimoto tsopano ndi yake, ndipo tinaikalembetsa pa intaneti tsiku lomwelo, ngakhale lamulo limapereka masiku 15. Ena munganene kuti ndinamupatsa mphatso wondizunza. Inali itagundidwa mbali zonse, ndipo kuilanda kukanatanthauza kukumana nayenso. Ndinkafuna dzina langa lichokepo, ndipo linachoka.

Usiku umenewo ana atagona ndinayala makalata aja pamphasa, kuwasanja potsata masiku. Kalata iliyonse imalemba tsiku, nthawi ndi msewu umene galimoto inapezeka. Bambo ameneyu ankati amagwira ntchito masana onse kosungira katundu ku Saint-Priest. Makalata ankanena zina. Msewu umodzimodzi wa ku Presqu'île, pakatikati pa Lyon, kufupi ndi Terreaux, nthawi ya 11 m'mawa, nthawi ya 3 masana, Lachiwiri, Lachinayi, Lachiwiri linanso. Ndipo oyambirira anali a nthawi imene ndinali ndidakali m'nyumba mwake, ndikumuphikira nsima yotengera kuntchito. Kalata ina inali ya tsiku limene wamng'ono anagonekedwa kuchipatala ndi chifuwa, ine ndikumuimbira foni osayankha, madzulo n'kudzandiuza kuti abwana salola mafoni. Mayi uja ndinakuuzani m'gawo 11, amene ankati ndi mlongo wa kutchalitchi, ankakhala mumsewu umenewo. Zaka zonse ankandinena kuti ndine wansanje, mutu wanga sukuyenda bwino, mpaka ndinayamba kukhulupirira. Umboni unabwera ndi chidindo cha boma, ndipo woulipira ndinali ine.

M'mawa ndinapukuta maso n'kupita nawo makalatawo kwa mayi aja a assistante sociale. Anawagawa milu. Akale, amene anali atakwera kale mtengo, njira yake inali khoti lapadera la milandu ya kupaka galimoto limene lili ku Limoges, lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa CCSP. Koma umakhala ndi mwezi umodzi wokha, ndipo unali utadutsa makalata ali m'katoni. Komanso masiku amenewo sankamva apilo yako usanalipire. Lamulo limenelo khoti loona za malamulo aakulu a dziko linalithetsa pa 9 Seputembala 2020, ine nditalowa kale m'ngongole. Ngakhale tikanafika kumeneko, ndikanati chiyani? Galimoto inalidi pamenepo, dzina linalidi langa. Tinalemba kalata kwa a zamisonkho kupempha kuti ndizilipira pang'onopang'ono, tikuikapo mapepala a malipiro anga ndi a kunyumba ya amayi kuja. Anavomera. Amene anali asanakwane miyezi itatu ndinawalipira msanga ndi ndalama za chipereganyu cha amayi a ku Guillotière, amene anandilola kulandira nthawi yanga isanakwane. Amayi inu, Mulungu akudalitseni.

Imodzi yokha ndiyo ndinalimbana nayo. Pansi pa katoni panali kalisiti ka makina olipirira, ka tsiku lomwelo ndi ola lomwelo la kalata ina yatsopano. Tsiku limenelo bamboyo analipiradi, koma polemba nambala ya galimoto anasemphanitsa manambala awiri, ndiye oyendera magalimoto sanaipeze pa mndandanda wa olipira. Dandaulo loyamba, limene amati RAPO, limapita kwa amene anapereka chindapusacho pasanathe mwezi. Ndinalemba ndekha ndi Chifalansa changa chothyokathyoka, ndinaikapo kope ya kalatayo, ya bulubuku ndi ya lisiti, n'kutumiza pa kalata yosainira polandira. Mayi aja anandichenjeza kuti mwezi ukatha osayankhidwa ndiye kuti akukanira, komanso kuti kudandaula sikuimitsa miyezi itatu ija. Yankho linabwera mwezi usanathe. Anachifafaniza. Mayuro 60 pa mulu wonse uja, koma ndinavina m'khitchini mpaka ana anadabwa.

Ngongole yotsalayo inandidya mpaka mliri wa Covid utafika pakati. Bamboyo sanaperekepo ngakhale yuro imodzi, ndipo alamu, ngati anakuuzani kuti ankanditumizira, mufunseni lisiti. Anga ndinasunga onse, pamodzi ndi makalata a mumsewu uja, chifukwa loya wanga anawafuna pa mlandu wa ana. Za kukhoti kumeneko, ndi zimene apongozi anga analankhula pa foni tsiku lachigamulo, ndilemba m'gawo 15.