Mulu wa miyala yopsa womwe tinawononga Lachitatu

Sabata ino ndinali ku County Cork m'dziko la Ireland, kuyang'anira ntchito yokumba ngalande ya mapaipi a madzi kuti zinthu zakale za m'nthaka zisawonongeke. Lolemba ndi Lachiwiri kunali mvula, matope, ndi kuima pambali pa chimakina n'kumayang'ana dothi likutembenuzidwa.

Lachitatu ndinafika m'mamawa n'kupeza chimakina chadula kale fulacht fia, mulu wakalekale wa miyala yopsa, pakati penipeni. Mulu umenewu uli m'kaundula wa boma wa malo akale wotchedwa Record of Monuments and Places, ndipo lamulo la 1994 limati wofuna kugwira ntchito pamalo otere adziwitse boma polemba kalata kudakali miyezi iwiri. Mpanda woteteza muluwo womwe ndinapempha Lolemba sunabwere, ati ku ofesi anali asanavomereze ndalama zake. Kapitawo anangoti, "Si miyala yakuda chabe iyi?"

Ndinatsikira m'ngalandemo n'kugwada. Miyala yong'aluka ndi moto inkafumbutuka m'manja, dothi lili bii ndi makala. Pansi pake panali thabwa lonyowa, khoma la dzenje lomwe anthu a nyengo ya Bronze Age, zaka zikwi zingapo zapitazo, ankadzazamo madzi n'kumaponyamo miyala yotentha mpaka madziwo atawira. Miyala ikasweka ankaitayira m'mbali, n'chifukwa chake muluwo umazungulira dzenje ngati chiboda cha kavalo. Mano a chimakina anali atang'amba thabwalo pawiri. Manja anga ankanjenjemera ndi mkwiyo.

Ndinawafotokozera a kapitawo za M. J. O'Kelly, katswiri wofukula zinthu zakale, yemwe mu 1952 anayesa njira imeneyi ku Ballyvourney, m'chigawo chomwechi: madzi anawira patatha pafupifupi theka la ola, mwendo wa nkhosa n'kupsa maola anayi asanakwane. Anamvetsera ndithu, ndipo anazimitsa injini. Mlandu sindiwapatsa iwo kwenikweni. Ndikuupereka kwa mabwana omwe amaona kuti poti milu yotere ilipo zikwizikwi ku Ireland, umodzi ukapita palibe kanthu. Chonsecho makala akasakanikirana ndi dothi lapamwamba, zaka za muluwo zomwe tingayeze pa makalawo sitingazikhulupirirenso, ndipo funso loti pamenepa ankaphika, ankasamba kapena ankafulula mowa limavutirabe kuyankha.

Lachinayi ndi Lachisanu tinali anthu awiri basi pa ntchito yofunika anayi. Tinajambula khoma la ngalande, tinatola makala pomwe chimakina sichinafike, ndipo thabwa lija tinalikulunga m'pulasitiki lili lonyowa kuti lisang'aluke. Lipoti lopita ku National Monuments Service, nthambi ya boma yosamalira malo akale, ndalimaliza usiku wa Lachisanu, msana ukuwawa, ndipo nkhani ya mpanda ndaiika pa tsamba loyamba.