Khamu la pakhomo pa Loti

Kuno ku Mchinji, nkhani ya amuna kapena akazi okondana okhaokha ikangotchulidwa m'tchalitchi, dzina loyamba kutuluka ndi Sodomu. Nthawi ya zionetsero za mipingo mu Julaye 2023 ndinalimva mpaka kutopa nalo. Koma ndi angati mwa ife amene amawerenga Genesis 19 atayambira pa 18?

Pa 18, Abrahamu akuthamangira alendo atatu dzuwa lili paliwombo. Sara akukanda ufa, mwanawang'ombe akuphedwa. Pa 19, Loti akupeza alendo pachipata cha mzinda n'kuwaumiriza kuti akagone kwake. Usiku amuna a mumzinda monse, anyamata ndi madoda omwe, akuzinga nyumba kuti agwirire alendowo. Apatu palibe anthu awiri okondana. Pali gulu lofuna kuchititsa manyazi obwera, ndipo Loti atalidzudzula, likumukumbutsa kuti nayenso ndi wobwera. (Zoti Loti anafuna kupereka ana ake aakazi zimandinyansa, ndipo sindinamvepo ulaliki wofotokoza bwino pamenepa.)

Ezekieli 16:49 amatchula mlandu wa Sodomu mosapsatira: kudzikuza, kukhuta, kukhala pabwino koma osathandiza osauka. Yesu naye pa Mateyu 10:14-15 akutchula Sodomu pokamba za midzi yokana kulandira ophunzira ake.

Chaka chatha tinali pamaliro cha ku Kamwendo. Mwana wa malemu anafika kuchokera ku Johannesburg, koma mphekesera zoti amachita zamathanyula zinali zitafika kale iye asanatsike basi. Nthawi ya nsima, amuna amene anakhala naye pamodzi anadzuka mmodzimmodzi, ena mwa iwo akuluampingo. Anatsala yekha ndi mbale, chonsecho bokosi anagula ndi iyeyo. Agogo ena, mlongo wawo wa malemu, ndiwo anamuitana: "Bwera kuno mwanawe, samba m'manja tidye." Ife amayi a Chigwirizano tinali pomwepo, yunifomu zili zoyera mbee, maso pansi.

Levitiko 18:22 ndi Aroma 1:26-27, mavesi amene amatchulidwa potsutsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, alipo, sindikuwafufuta. Kunyumba kwathu ine ndi bambo a ana timasiyana maganizo pa mavesi amenewa, ndipo ophunzira zaumulungu akhala akukanganapo. Koma palibe vesi pamenepo lotilamula kumana munthu chakudya pamaliro a bambo ake. Yesu ankadya ndi okhometsa msonkho Afarisi akung'ung'udza, ndipo kwa Zakeyu anadziitanira yekha Zakeyuyo asanalonjeze kubweza kalikonse.

Tisaiwalenso kuti munthu wotereyu amakhala kale mwamantha. Lamulo la dziko lino limalola chilango chofika zaka 14 m'ndende. Mu 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa zaka zimenezi, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira, ndipo mu 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linati lamuloli likhalebe. Amaopa wapolisi, amaopa mwini nyumba ya lendi, nanga ife a mpingo tiwonjezerepo?

Lachinayi lapitali ndinapempha kuti ku Chigwirizano tidzawerenge Genesis 18 ndi 19 motsatizana, kenako Ezekieli. Amayi ena anati nkhaniyi ndi yolaula. Amayi busa anati ayambe afunsa abusa, yankho tidzalimva Lamulungu.