Ndakhoza, ndipo ndabwera kudzathokoza

Zotsatira zatuluka dzulo. Phunziro losanthula nkhani za Chingerezi lija, lomwe linandisowetsa tulo, ndakhoza. Koma ndikanakhala ndekha ndikanalisiyira panjira.

Nkhani yomwe tinapatsidwa ndi kachigawo ka buku la A. J. Cronin lotchedwa The Citadel, lomwe linatuluka mu 1937. Cronin anali dokotala wochokera ku Scotland, ndipo anagwirapo ntchito pakati pa anthu a m'migodi ya malasha ku Tredegar, ku Wales, choncho polemba za dokotala wachinyamata Andrew Manson ankadziwa chomwe akunena. Manson anaitanidwa usiku kunyumba kwa Joe Morgan, yemwe mkazi wake Susan ankayembekezera mwana woyamba atakhala pabanja zaka pafupifupi 20. Mwana anabadwa m'bandakucha ali zii, osapuma, mayi nawo ali kayakaya. Manson anayamba wapulumutsa mayi. Potembenuka anapeza kuti mzamba wakankhira khandalo kunsi kwa bedi poganiza kuti zatha. Analitulutsa, n'kumaliviika m'madzi otentha ndi ozizira mosinthasintha, kulitikita ndi thaulo, kulipsinja pachifuwa, kwa theka la ola, mpaka linalira.

Ine nditafika pa bedi paja ndinatseka buku, ndipo kwa masabata atatu sindinalikhudzenso. Mwana wanga nayenso anabadwa osalira. Sindinkamuona, ndinkangoona msana wa anamwino atawerama, ndi chigongono chawo chikukwera ndi kutsika pamene ankapopa kachipangizo ka mpweya. Zaka zitatu zapita, ndipo ndinali ndisanafotokozerepo munthu za chigongono chimenecho.

Aphunzitsi, zikomo kwambiri. Munaona kuti ndatuluka m'kalasi misozi ili chuchuchu, koma simunandifunse pagulu. Munadikira anthu abalalike, munamvetsera, n'kundiwonjezera nthawi. Ndinu munandilimbikitsa kulemba zomwe maso anga aona m'nkhanimo. Ambiri anangotamanda Manson, ndipo ndi woyeneradi kutamandidwa. Ine ndinaima pa mphindi ija imene anasankha kuyamba ndi mayi n'kusiya mwana, chifukwa pamenepo m'pamene pali kulemera konse kwa ntchito yake. Ndinamuikiranso kumbuyo mzamba uja. Sanali wouma mtima ayi, anali munthu amene anaonapo makanda ambiri osadzuka. Ndinalembanso kuti zoviika mwana m'madzi n'zakale: masiku ano amamupukuta msanga, ndipo ngati sakupumabe amamupopera mpweya mphindi yoyamba isanathe.

Mnzanga wa m'gulu lathu lowerengera, iwe unandiwerengera mokweza tsamba lomwe linandikanika lija, kawiri konse, ndipo mawu ako akunjenjemera sunasiye. Sindidzaiwala.

Amayi, munanditengera mdzukulu wanu madzulo aliwonse kuti ndilembe. M'nkhanimo muli gogo, mayi ake a Susan, ataima pakhoma n'kumapemphera chamumtima. Powerenga ndinkaona nkhope yanu.

Bambo a kunyumba, nditakuuzani kuti Joe Morgan anachezera panja usiku wonse akuyendayenda, munangoti duu kwa kanthawi. Kenako munandiuza, koyamba chibadwire mwanayu, kuti inunso tsiku lija munakanika kukhala pa benchi, ndipo mutamva kulira mawondo anafooka moti munakhala pansi penipeni. Zikomo pondiuza. Ndinkaganiza kuti usiku umene uja ndinausenza ndekha.

Ndipo inu anamwino, dzina lanu sindinalifunse n'komwe, mutu wanga sunali pamalo. Mwina simudzawerenga izi. Munatuluka m'chipindamo mukupukuta thukuta, n'kulowa mwa mayi wina amene ankabuula kale. Mwana wanu uja ndi wamkazi, ndi wolongolola, ndipo pamene ndikulemba pano wakwera pamiyendo panga akufuna kundilanda foni. Mulungu akusungeni.