Usiku umene apongozi anandipeza mutu uli m'bulangete

Abusa sanabwere. Amene akukuuzani kuti kwathu ku Chilenje, mu Lusaka muno, kunafika abusa ndi mafuta odzozera akungokokomeza. Anabwera amayi awiri a chigwirizano basi, anaimba nyimbo imodzi n'kumwa tiyi. Komanso sindinali mbulanda ayi, ndinavala kabudula. Zoti kabudulayo anali wong'ambika kumbuyo ndi nkhani ina.

Mlandu wonse ndi wa malaiti. Madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba mu 2024, kwathu malaiti ankabwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire. Ine ndimaweta nsomba zokongoletsa m'thanki yagalasi pabalaza. Zomera za m'thanki yotere zimafuna kuwala kwa maola 6 mpaka 8 patsiku, ndiye ine monga munthu woganiza ndinakankhira thanki pawindo kuti dzuwa ligwire ntchito ya nyale. Dzuwa lake la Okutobala, la Lusaka. Zomera sizinathokoze, koma ndere zinachita phwando.

Zinabwera mwa mitundu yake. Zofiirira zija zongoyala pagalasi sizinandivute, umangopukuta ndi chala, ndipo zimakonda thanki yatsopano. Timadontho tobiriwira tolimba ndinkatipala ndi lezala. Zazitali zaulusi ndinkazikulunga pa mswachi wakale. Pachitsa panamera zoyera zawefuwefu zimene ndinaziopa kwambiri, koma zinatha zokha osapha nsomba ngakhale imodzi. Kenako madzi enieniwo anabiriwira mpaka kufanana ndi thelere, ma guppy anga, tinsomba ting'onoting'ono timene ndimaweta, ndinkangowaona akagunda galasi. Madzi oterowo ngakhale uwasinthe, timbewu totsala timachulukananso msanga. Mankhwala ake ndi mdima: kufunditsa thanki masiku atatu, osadyetsa nsomba, osasuzumira. Ndere zoyandamazo zimafa, zomera zimapirira.

Ndinatenga bulangete lakuda lija timafunda mu Juni. Pansi pake ndinasiya kapampu ka mabatire kuti nsomba zipeze mpweya. Mukumbukire kapampuko, chifukwa kamalira mosalekeza, kuwonjezera apo madzi akubwata bwata.

Tsiku lomwelo apongozi anga anafika kuchokera ku Chipata. Palibe anawafotokozera. Anangoona chinthu chachikulu pakona ya pabalaza, chofundira chakuda, chikung'ung'udza. Anafunsa mwana wawo kuti muli chiyani, iye pothamangira kukhitchini anangoti, "Ndi za bambo awo, akuti tisamavundukule." Taonani mayankho a anthu amene timawakhulupirira.

Koma chimene chinkandisowetsa tulo sichinali madzi obiriwira. Ndili ndi Java fern, chomera cha ku Asia chimene sichikwiriridwa mumchenga, umachimangirira pachitsa kapena pamwala. Ndinachigula mtengo umene mpaka lero mayi a kunyumba amaudziwa theka lake. Kunsonga za masamba ake kunayamba kulendewera tinthu takuda taubweya. Woweta nsomba aliyense amaopa black beard, ndere zakuda zomera timagulutimagulu m'mbali mwa masamba, zokakamira moti ukazikoka tsamba limang'ambika, ndiponso mdima wa masiku atatu siziuopa. Ndinaganiza kuti zandipeza. Zimenezi umazithira hydrogen peroxide wa 3 peresenti, mankhwala amadzi otsukira mabala, pamalo pomwepo pogwiritsa jakisoni wopanda singano, ndipo zikamafa zimasanduka zofiira. Zanga ndinazithira, sizinafiire. Munthu wina akanaima pamenepa n'kuganiza. Ine ndinangoti ndapeza mtundu wolimba kuposa wa anzanga onse.

Usiku wachiwiri wa mdima ndinalephera kupirira. Usiku umenewo malaiti sanabwere, kutentha kosagonetsa. Ndinavula malaya poti mkono umalowa m'madzi mpaka paphewa. Patebulo ndinayatsa kandulo, pambali pake ndinaika lezala, jakisoni, kachitsulo kozulira nsidze ka mayi a kunyumba, ndi kambale koyera kolandirira zimene ndazula. Ndinagwada, tochi kukamwa, n'kulowetsa mutu m'bulangete.

Tsopano taimani pakhomo la chipinda cha alendo, muone zimene apongozi anaona akupita kukamwa madzi. Mkamwini wawo, amene anam'landira ndi nkhuku, wagwada pakona chifuwa chili pamtunda. Mutu sukuoneka. Chikuoneka ndi kabudula uja, wayang'ana kwa iwo. M'bulangete mukutuluka kuwala kobiriwira, chinthu chikubwata, china chikung'ung'udza. Patebulo kandulo, lezala, ndi kambale kodzaza tinthu takuda topotana, timene pa kuwala kwa kandulo ngakhale ine ndikanalumbira kuti ndi tsitsi la munthu. Ndipo mkamwiniyo akulankhula. Akuti ndinkanena kuti, "Ufe. Iwenso ufe. Mutha nonse muno." Ine mawuwo sindikuwakumbukira, koma ndi tochi kukamwa ayenera kuti ankamveka ngati chinenero cha kumanda.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Ndikudziwa chifukwa anawerenga kuti dzanja langa linatuluka m'bulangete kangati kukaika tsitsi m'mbale, ndipo nambalayo anakauza amayi a chigwirizano. Kenako anatsokomola, kutsokomola kuja kwa ulemu.

Ndinadzidzimuka, mutu unagunda chivundikiro, tochi inagwera m'thanki n'kupitiriza kuyaka pansi pamadzi. Ndinatembenuka bulangete lili kumutu, madzi akuchucha m'mkono, jakisoni m'manja. Inu mukudziwa mwambo wathu, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi chisawawa, nanji chifuwa chili pamtunda. Nzeru imene inandifikira inali yokokera bulangete lonse kuti ndifunde. Thanki inavundukuka, pabalaza ponse panawala mobiriwira, ine nditaima pakati nditafunda chakuda kuyambira kumutu. Pofuna kukonza zinthu ndinagwadanso n'kuomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Nthawi ili cha m'ma 1 koloko usiku. Iwo anayankha kuti, "Yesu," n'kubwerera chafutambuyo, chitseko anachitseka pang'onopang'ono. Ndinamva akukoka sutikesi kutchingira khomo.

Kutacha nkhani inayenda kudzera mwa mwana wawo, ine ndili pomwepo. "Uwafunse bambowa, tsitsilo ndi la ndani?" Ndinafotokoza za kuwala, za zakudya zotsala zimene zimanenepetsa ndere, za kusintha madzi sabata iliyonse. Ndinatchula mpaka mzere woyera umene madzi a m'zitsime za Lusaka amasiya pagalasi chifukwa cha miyala ya laimu ili pansi pa mzindawu. Palibe chinawagwira mtima. Funso lawo linali loti munthu wabwinobwino angawetenji nsomba zimene ngakhale utazikazinga zonse sizingadyere mbamu imodzi ya nsima. Masana amayi awiri aja anali atafika.

Nyimbo itatha, apongozi analimba mtima n'kutenga kambale kaja kupita nako pakhomo pamene pali kuwala. Mayi amene walima moyo wake wonse. Anatola kamodzi, n'kukatembenuza ndi chikhadabo, n'kukayandikitsa kumaso.

"Uwauze bambowa kuti iyi ndi mizu."

Ndinati ayi amayi, ndi ndere zoopsa kwambiri. Iwo osandiyang'ana anaonetsa mwana wawo katsamba kobiriwira, kakang'ono kwambiri, kali pamwamba pa ubweyawo. Kenako kena. Kenanso. Java fern imabereka ana pamasamba ake akale, mizu yakuda yaubweya imalendewera pansi, timasamba timatuluka pamwamba, kamwana kakakula kamachoka kokha n'kukamera kwina. Ndiye chifukwa chake sizinkafiira. Ine usiku ndinali kalikiliki kuzula mbande za chomera chodula kwambiri m'nyumba muno n'kumazitemberera. Timadontho tofiirira ta kunsi kwa masamba, timene ndinatipala ndi lezala poyesa matenda, nato ndi njere zake zoberekera.

Mmodzi wa amayi a chigwirizano anafunsa ngati apemphererebe. Apongozi anati apemphere ndithu, koma mutu wa pempherolo usinthe.

Komabe tiyeni tinene chilungamo, poti ena mwayamba kale kundiitana kuti sing'anga wa ku Chilenje. Mizu imeneyo ndi ndere zija zimafanana, makamaka munthu ukuyang'ana ndi tochi ya kukamwa m'madzi osaoneka pansi. Ndipo bulangete linagwira ntchito yake. Nditafunditsanso masiku atatu athunthu madzi anayera, thanki ndinaichotsa pawindo, sanabiriwirenso. Zimenezi palibe akuzinena. Mbande zina za m'kambale zinapulumuka, apongozi anandithandiza kuzimangirira pamwala ndi ulusi wosokera, iwo akumanga ine ndikuyang'ana kumbali mwaulemu.

Asananyamuke analozanso timadontho tonyezimira tonanda pagalasi n'kufunsa mwana wawo ngati bambowa akudziwa kuti ndi mazira a nkhono. Ndinati ndikudziwa. Aswa onse. Wofuna nkhono abwere ndi botolo lake, ndipo amene akudziwa kogula kachitsulo kozulira nsidze kumsika wa Kamwala andiuze, chifukwa kaja akukakana.