Kathumba kamene kanazizira m'manja mwanga

Mwezi watha ndinabinya phazi potsika masitepe. Fupa silinathyoke, koma pakakolo panatupa nthawi yomweyo. Mlongo wanga, amene ndi namwino, anapisa m'chikwama chake n'kutulutsa kathumba koyera kapulasitiki. Kanali kofunda ngati zinthu zina zonse za m'chikwamamo. "Achimwene, finyani pakatipa mwamphamvu mpaka mumve kuti phu, kenako mukakhutchumule," anatero. Ndinafinya. Mkati munaphulika kanthu, madzi anayamba kuyenda pakati pa timibulu toyera, ndipo ndisanamalize kukhutchumula zala zanga zinali zitayamba kale kuchita dzanzi. Kathumbako sikanagone m'firiji, kanalibe batire, koma kanazizira ngati madzi oundana.

Phazi linapola patatha masiku angapo, koma kathumbako sikanandichoke m'mutu. Kuyambira ndili pasukulu ndinkakhulupirira kuti chinthu chilichonse chochitika chokha chimatulutsa kutentha. Machesi akayaka amatentha. Laimu wowotcha akathiridwa madzi amatentha mpaka kufuka nthunzi. Ngakhale chitsulo chikamachita dzimbiri chimatulutsa kutentha, kungoti pang'onopang'ono kwambiri moti dzanja silimva. Ndinkaona ngati zonse zili ngati mwala wogubuduzika kutsika phiri. Ndiye mankhwala a m'kathumbamo akwera bwanji phiri popanda wowakankha?

Maganizo amenewa sanali anga ndekha. M'zaka za m'ma 1800, akatswiri awiri a kemisitiri, Julius Thomsen wa ku Denmark ndi Marcellin Berthelot wa ku France, ankaphunzitsa zofanana ndi zomwezi. Nthawi zambiri lamulo lawo linkagwira ntchito, n'chifukwa chake linakhalitsa. Koma zinthu ngati kathumba kanga zinkalitsutsa.

Pachikutiro panalembedwa kuti timibuluto ndi ammonium nitrate, mchere womwewo umene umapezeka mu feteleza wina. Mkati mwa kambulu kalikonse tizigawo ta mcherewo timakhala pamzere, togwirana zolimba. Kuti tilekane pamafunika mphamvu. Madzi akatizungulira amabweza mphamvu ina, koma yosakwanira, ndipo yotsalayo imatengedwa ku kutentha kwa madziwo, kwa pulasitiki, ndi kwa phazi langa lotupa lija. Magalamu 80 a mcherewu akasungunuka m'madzi ambiri amameza ma joule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 26,000. Kuti galamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika ma joule 4.18, choncho mphamvu yomezedwayo ndi yokwanira kutenthetsa magalamu 250 a madzi ndi madigiri pafupifupi 25. Si yochepa ayi.

Zimenezi zinandiuza kumene kutenthako kunapita, koma osati chifukwa chimene mcherewo unasungunukira. Chifukwacho, ndikachiganizira, chimandikoma mpaka pano. Tizigawo tikakhala pamzere m'kambulu, njira zoti tikhalire n'zochepa kwambiri. Tikamwazikana m'madzi, njirazo zimachuluka mosawerengeka. Tizigawoto sitidziwa chilichonse ndipo sitifuna chilichonse, timangogundidwa uku ndi uko ndi mamolekyu, tizigawo ta madzi timene sitipuma. Poti njira zomwazikana n'zochuluka chonchi, komwe timathera n'komweko. Katswiri wa sayansi Rudolf Clausius anapatsa muyeso wa kumwazikanaku dzina lakuti entropy mu 1865, ndipo katswiri wina, Ludwig Boltzmann, anadzasonyeza mu 1877 kuti dzinali likunena za kuwerenga njira zimenezi.

Ndiye pali zokoka ziwiri. China chimakokera kumene mphamvu imatuluka, china kumene zinthu zimamwazikana. Josiah Willard Gibbs, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Yale ku America, anaziika pa sikelo imodzi m'zaka za m'ma 1870, ndipo lero amazilemba kuti ΔG = ΔH − TΔS. Chilembo cha Chigiriki Δ chimatanthauza kusintha: ΔH ndi kutentha kolowa kapena kotuluka, ΔS ndi kusintha kwa entropy, ndipo chinthu chimatha kuchitika chokha ΔG ikachepera 0. Chimene ndimachiyang'anitsitsa pamenepa ndi T, kutentha kwa malowo. T akakula, mbali ya kumwazikana imalemera. Akachepa, imapepuka.

Nditamvetsa zimenezi ndinatenga kapu, n'kuikamo madzi oundana, n'kukhala pansi kumayang'ana. Chinthu chimene ndachiona kambirimbiri chinali ngati kathumba komwe kaja. Madzi oundana amameza ma joule 334 pa galamu iliyonse kuti asungunuke, komabe amasungunuka okha patebulo. M'kati mwa firiji, kumene kuli kozizira kuposa madigiri 0, madzi omwewo amaundana okha. Madzi ake ndi amodzi, chasintha ndi T basi. Pa madigiri 0 penipeni zokoka ziwirizo zimalingana, ndipo n'chifukwa chake kapu ya madzi osakanikirana bwino ndi oundana imakhala pa 0 mpaka kachidutswa komaliza katatha. Katswiri wa sayansi Joseph Black anazindikira zimenezi ku Glasgow, ku Scotland, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1760: kutentha kumalowa ndithu, koma choyezera sichisuntha, chifukwa konse kukuthera pomasula mamolekyu.

Thukuta nalonso n'chimodzimodzi. Galamu imodzi ikamauma pakhungu imachoka ndi ma joule pafupifupi 2,400, ndipo mpweya ukakhala wodzaza kale ndi chinyezi thukutalo limangoyenderera osauma, thupi osazizira.

Mlongo wanga nditamufotokozera anandifunsa funso labwino. "Nanga firiji, achimwene? Si imatenga madzi omwazikana n'kuwaika pamzere?" Ndinamuuza kuti agwire kuseri kwake. Kunali kofunda. Firiji imachotsa kutentha m'madzi n'kukutaya m'chipinda, pamodzi ndi kutentha kwina kochokera ku magetsi amene yagwiritsa ntchito. Mamolekyu a madzi akhaladi pamzere, koma a mpweya wa m'chipindamo abalalika koposa. Ukaphatikiza zonse, kumwazikana kwawonjezeka. Pachifukwa chomwechi, kusiya chitseko cha firiji chotsegula kumawonjezera kutentha m'chipinda m'malo mochiziziritsa. Ineyo ndimaona kuti ana asukulu akanamayamba ndi kugwira kuseri kwa firiji asanaone chilembo chilichonse cha Chigiriki, ambiri sakanaliopa phunziroli.

Kathumba kaja sindinakataye tsiku lomwelo. M'mawa mwake ndinakapeza patebulo katafundanso ngati poyamba, mkati muli madzi okhaokha, popanda kambulu ngakhale kamodzi. Ndinakafinya, ndinakakhutchumula, sikanazizirenso. Ndinakaika m'dzanja n'kumaganiza kuti timibulu tonse tija tikadali momwemo, ndipo kuti nditibweze ndiyenera kuumitsa madzi onsewo, galamu iliyonse ndi ma joule ake oposa 2,000.