Bokosi la mankhwala m'midzi ya kumapiri

Ku Dambe m'boma la Neno, mvula ikagwa masiku awiri otsatizana, galimoto siikwera. Mwana akatentha thupi nyengo imeneyo, chipatala chake ndi bokosi la mlangizi wa zaumoyo. M'bokosimo mumakhala LA (mankhwala a malungo), zoyezera malungo, amoxicillin, Thanzi ORS, zinc ndi panado. Mankhwalawa ndi a ana a miyezi 2 mpaka zaka 5. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala, lipite kuchipatala basi.

Kumapiri chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chibayo. Mu June ndi July kumazizira, moto umasonkhedwa m'nyumba, ana amagona mu utsi. Mwana wotsokomola muwerengeni mpweya kwa mphindi yathunthu, ali phee pamiyendo pa mayi ake, malaya atakwezedwa. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, akupuma mothamanga, chomwe ndi chizindikiro cha chibayo. Wa chaka chimodzi kupita m'tsogolo malire ake ndi ka 40. Ambiri amalakwitsa powerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, kapena kuwerenga mwana akulira. Mwana sapuma mofanana mphindi yonse, ndiye nambala yotereyi imanama. Chifuwa chikamalowa m'kati pokoka mpweya, mpatseni amoxicillin woyamba ndi kumutumiza tsiku lomwelo.

Malungo musalote, yezani magazi, ndipo zotsatira muwerenge pa nthawi imene yalembedwa pa paketi. LA amamwa ka 6 m'masiku atatu: woyamba pomwepo mlangizi akuona, wachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo. Amwe atayamwa kapena atadya phala la nsinjiro, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ndi mafuta. Akasanza pasanathe mphindi 30, abwereze. Vuto limabwera tsiku lachiwiri: mwana wayamba kusewera, mayi amasunga mapiritsi otsalawo poti chipatala n'kutali ndipo mng'ono wake angadwale mawa. Sindiwadzudzula amayiwa, koma tiziwauza mosabisa kuti malungo osamaliza mankhwala amabwerera.

Wotsegula m'mimba: paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndiye kuti mabotolo awiri a 500 ml, otsala atayidwe pakatha maola 24. Zinc amwe masiku 10 ngakhale kutsegula kutasiya.

Mwana wokomoka, wosanza chilichonse, wolephera kuyamwa kapena wofooka kwambiri sagona m'mudzi. Apa m'pamene komiti ya zaumoyo imafunika. Machila akhale okonzeka, tochi ikhale ndi mabatire, ndipo amfumu adziwiretu anyamata amene anganyamule wodwala usiku, asinthane panjira. Mlangizi nayenso awerenge katundu wake mu October, aitanitse wokwanira mitsinje isanadzaze. Bokosi aliike pa thandala, kutali ndi khoma lachinyezi ndi moto, chifukwa kutentha ndi chinyontho zimawononga zoyezera malungo tsiku lake lisanakwane.