Khonje, makoko ndi ng'ombe zadongo: pomwe ndafika ndi za Khirisimasi

Mtengo wa Khirisimasi waima tsopano, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Si wa pulasitiki wa m'masitolo a ku Down Shops kuno ku Chipata, komanso sindinadule paini wa munthu. Ndi nsonga ya mlongoti wa khonje. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti khonje limachita maluwa kamodzi kokha. Likakhala zaka zingapo limaponya mlongoti wautali pakati pake, wa nthambi zotambasuka mbali zonse kumwamba kwake, kenako tsinde lonse limauma. Alamu anga a ku Chadiza ali ndi mpanda wa khonje kumunda, ndiye ndinawapempha kale mu Seputembala kuti akaona wouma bwino andidulire. Anabwera nawo ataumangirira panjinga. Ndadula mbali ya kumtunda, yotalika mita imodzi ndi theka, ndaizika m'chidebe cha mchenga ndi miyala, chidebecho n'kuchikulunga ndi chiguduli. Nthambi zake n'zolimba, ndipo zilibe masamba oti aziyoyokera pansi.

Mnzanga wina wa kumphakati anati ndiupake laimu kuti uyere mbee. Ndakana. Kuyera kuja n'kwa chipale chofewa cha ku Ulaya, pamene ife Khirisimasi imatipeza anthu ali pa kupalira, mapiri ozungulira Chipata atabiriwira, mango akugwa okha kuseri kwa nyumba. Ndikufuna wolowa pabalaza pano aone kuti ali kum'mawa kuno, m'mwezi wa mvula.

Mvula yomweyo ndiyo ikulamula ntchito yonse. Chilichonse chouma chimene munthu akufuna kuti chidzalendewere pa 25 Disembala amayenera kuchitola kuyambira pokolola mu Meyi mpaka kutentha kwa Okutobala. Panopa kutchire zonse zanyowa, zogwa pansi zayamba kuola kapena chiswe chadya. Thumba langa la makoko a chimanga ndinalimanga nthawi yokolola, ndipo lakhala kudenga la kitchini ya panja miyezi yonseyi, kumene utsi umafika. Anankafumbwe sanalowemo.

Angelo a makoko ndiwo andidyera madzulo ambiri sabata ino, ndipo ndiwo ndikuwakonda kuposa zonse. Makoko akunja ndi okhakhala komanso amathothomathotho, ndiye ndimatenga am'kati, oyera ndi ofewa aja amene amakhudza njere. Ouma amathyoka ukawapinda, choncho ndimawaviika m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, n'kuwapukuta ndi nsalu. Khoko limodzi ndimalikulunga kukhala kampira, limenelo ndi mutu. Lina lalitali ndimaliveka pamwamba pa kampirako n'kumanga pakhosi ndi kaulusi ka khonje. Manja ndi khoko lopota lomwe ndimalilowetsa chopingasa pansi pa khosi, kenako ndimamanganso m'chiuno kuti zotsala m'munsi zitambasuke kukhala diresi. Tsitsi ndi ndevu za chimanga, zofiirira zija. Mapiko ndi khoko lopinda pakati, losita ndi nsimbi ya makala lidakali ndi kachinyezi, chifukwa likauma litawongoka silipindikanso. Nkhope sindijambula. Mwana wanga wamkazi anayesa kuika maso ndi bolopeni pa mmodzi, ndipo tonse tinagwirizana kuti opanda maso ndiwo akukongola.

Utoto ndikupanga ndekha. Makoko a anyezi owiritsa amapereka mtundu wachikasu wopita kugolide, ndipo umagwira bwino pa khoko la chimanga. Masamba a tiyi amapereka wofiirira. Wofiira ndikutenga ku lumanda, osati masamba a ndiwo aja koma zikhokho zofiira za kumaluwa kwake, zomwe ndinaumitsa zitakhwima. Pamenepa pali chinthu chimene chinasangalatsa ana kwambiri. Khoko lonyika mu lumanda limatuluka lofiirira mowala, koma ukalidonthezera chidulo, chomwechi chophikira therere, limasintha pomwepo kukhala lobiriwira motuwa. Ndiye m'poto mmodzi ndapeza mitundu iwiri. Utoto wa lumanda umasuluka ukakhala padzuwa, koma kwa milungu ingapo ya m'nyumba ukwanira.

Vuto ndi kuumitsa. Khoko lonyowa likagona m'nyumba yotseka limachita nguwi, timadontho takuda tija, ndipo sitichoka. Ndamanga chingwe m'kitchini pamwamba pa mbaula, patali ndithu ndi moto, ndipo mngelo aliyense amagona pamenepo mpaka atauma gwaa asanapite pamtengo.

Chinyezi chomwechi n'chimene chandichititsa kuti ndisamadalire zomatira. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino, ndipo ndikaphika ndimathiramo mchere ndi viniga pang'ono kuti lisasase msanga, komabe mphemvu ndi makoswe amalikonda. Choncho pafupifupi chilichonse ndikusoka kapena kumanga. Tinyenyezi topanga ndi ufa wosakaniza ndi mchere, timene timaoneka kwambiri pa Facebook nyengo ino, kuno sitikhalitsa. Mchere umakoka chinyezi, ndipo kukachita mvumbi timafewa n'kugwa pa ulusi. Limenelo ndi luso la kumayiko kumene Disembala amakhala m'nyumba zouma ndi moto.

Timbendera ta chitenje tatha, ndipo tapachikidwa kuyambira pakhomo mpaka pawindo la pabalaza. Atelala a kumsika wa Kapata amakhala ndi milu ya zidutswa nyengo ino chifukwa aliyense akusoketsa cha pa Khirisimasi. Mayi wina amene amandisokera anandipatsa jumbo yodzaza, ine n'kumusiyira ya sopo. Ndadula makona atatu, ndapinda kumutu n'kulowetsamo chingwe cha khonje chopota. Posankha ndachotsa zidutswa zonse za nkhope za andale. Pabanja pathu si onse amavotera kumodzi, ndipo sindikufuna tsiku limenelo nkhani iyambire pakhoma. Za Nc'wala, mwambo wa Angoni, ndaziika padera, zidikire Febuluwale anthu akamapita ku Mtenguleni.

Zolendewera zina pamtengo ndi zakutchire. Zipatso zouma za mlombwa ndizo zinabadwa kale zokongola: zozungulira, za phiko lopyapyala m'mbali monse, pakati pali kamulu ka timinga. Zimatsalira m'mtengo masamba atayoyoka, ndipo ndinazitola nthawi imeneyo. Sindinazipake kanthu, ndangoboola m'mphepete ndi singano yotentha. Njere za mupapa, zakuda za kachipewa kofiira, ndazitunga pa waya wopyapyala. N'zolimba kwambiri, kuboola kwake bambo a ana ndiwo andithandiza ndi msomali. Zikhokho zazitali za flamboyant, mtengo umene wafiira m'misewu panopa, ana azijambula timizere ndipo zikumalira ukazigwedeza.

Pali njere imodzi imene sindilola kuti ilowe m'nyumba muno, ndipo ndikupempha amayi anzanga mumve. Ndi tinjere tating'ono tofiira kwambiri, ta kadontho kakuda kumutu, timene timabala pa chomera choyanga. Timakongola, ndipo ena amatitunga mikanda, koma tili ndi poizoni woopsa. Kakaboola kapena mwana akakatafuna, kamodzi kokha kangathe kupha. Kwathu kubwera adzukulu okwawa, ndipo chilichonse chofiira amaika m'kamwa. Ngakhale za mupapa ndazipachika kumtunda kumene dzanja la mwana silifika.

Tsopano khola. Limeneli ndilo mtima wa zonse, ndipo likadali pakati. Mwambo woika khola pa Khirisimasi amaulumikiza ndi Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene mu 1223 m'mudzi wa Greccio ku Italy anaika modyera ziweto, udzu, ng'ombe ndi bulu zamoyo, kuti anthu aone ndi maso awo umphawi umene Yesu anabadwiramo. Iye anatenga zimene zinalipo kwawoko. Ndikaganiza zimenezo sindiona chifukwa choti khola la m'nyumba mwanga likhale la ziboliboli zochokera kunja. Amene munafikako ku Mua, ku Malawi, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976, munaona mmene osema a kumeneko amaonetsera nkhani za m'Baibulo ndi nkhope ndi zovala za kuno. Langa ndi laling'ono chabe, koma maganizo ndi omwewo.

Zipupa ndamanga ndi timitengo ta nsungwi tong'amba, tomanga ndi luzi, denga ndi udzu wotsala pofolera. Pansi pali mchenga wa kumtsinje. Maria ndi Yosefe ndi a makoko, Maria wavala kachidutswa ka chitenje cha buluu, Yosefe wagwira kandodo. Modyeramo ndi theka la chikho chaching'ono.

Ng'ombe ndasiyira anyamata. Mwana wanga wamwamuna ndi msuweni wake anapita kudambo kukatapa dongo, ndipo aumba ng'ombe za linunda ndi nyanga zazitali, zenizeni za kuno, mbuzi, ndi tambala mmodzi amene akuti sangasowe pakhola. Ankafuna kuziwotcha tsiku lomwelo. Apongozi anga, amene afika kale kuchokera ku Katete, anawaletsa.

"Inu adzukulu, dongo silifuna phuma," anatero. "Mukaika pamoto lili ndi madzi m'kati, liphulika. Ikani pansi pa bedi ziume ndi mphepo."

"Agogo, nanga Khirisimasi ikafika zisanaume?"

"Zikhala zosawotcha. Za ife tili ana zinkawotchedwa ndi ndani?"

Anawaonetsanso kusinja mapale akale n'kusakaniza ndi dongo kuti lisang'ambike, ndi kuboola kabowo pamimba pa ng'ombe zonenepa kuti mpweya uzituluka. Iwo anaumba miphika zaka zambiri, ndipo manja awo amadziwa dongo akangolikhudza. Ng'ombezo zili pansi pa bedi pa katoni. Zayamba kutuwa m'nyanga ndi m'miyendo, koma pamimba padakali pakuda, ndiye kuti sizinafike. Zikauma tidzayamba kuziotcheza pambali pa mbaula kuti zitenthe pang'onopang'ono, kenako n'kuzikwirira m'makala.

Kubwera kwa apongozi kwabweretsanso ntchito imene sindinaiwerengere. Atsika basi ali ndi timatumba tiwiri tolemera, ine n'kumayesa ndi nshawa. Kamodzi munali mtsiro, kena katondo wofiira.

"Amayi, mwavutikiranji kunyamula dothi ulendo wonsewu?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, nyumba imene siinaziridwe siinakonzekere alendo."

Kumudzi ndi mmene zimakhalira. Khirisimasi ikayandikira amayi amazira pansi ndi pakhonde, n'kupaka m'munsi mwa zipupa ndi dothi la mitundu, lakuda, lofiira, loyera. Nyumba yathu ndi ya simenti, ilandira polishi wofiira basi, koma kitchini ya panja ndi yadothi, ndipo apongozi aitenga kukhala yawo. Ndinakhala pambali kuonerera. Amasungunula mtsiro m'beseni mpaka ukhale phala lolimba, amagwada, n'kumaupaka ndi chikhatho mozungulira, akubwerera cham'mbuyo kulowera kukhomo kuti asaponde pomwe adutsa. Dzanja lililonse limasiya kauta, kena pamwamba pa kanzake, ndipo pakauma mizereyo imaoneka ngati mamba a nsomba. Pakayamba kuuma amakhula ndi mwala wosalala mpaka pawale. Pakhoma ajambula mzere wakuda m'munsi, pamwamba pake makona atatu a katondo, m'mphepete mwake timadontho ta phulusa loyera todinda ndi chala. Mwana wanga wamkazi anawapempha kuti adinde nawo, ndipo timadontho take tikuoneka kuti ndi tating'ono kuposa ta agogo ake. Mwa zonse zimene zapangidwa pakhomo pano mwezi uno, anthu odutsa akuima kuyang'ana khoma limenelo. Khonde la kitchiniyo ndi lalifupi, ndiye bambo a ana awonjezera udzu kuti mvula yamphepo isakokolole.

Za kuwala sindinachedwe nazo. Magetsi amathima nthawi zina, choncho ndagula chingwe chimodzi cha timagetsi ta sola, ndicho chokha chogula pamtengo wonse. Makandulo anayi a Adiventi ali patebulo lina, aliyense m'botolo lake lokhala ndi mchenga pansi. Makoko, udzu ndi khonje zimayaka msanga kwambiri, ndiye kandulo safika pafupi ndi mtengo kapena khola, ndipo ana ndawauza mobwereza.

Zatsala ziwiri. Nyenyezi ya pansonga ndaimanga mafupa ake ndi nsungwi, koma kuluka mlaza ndapatsa bambo wina wa madengu wa ku Saturday Market, chifukwa mlaza wake ndi wowongoka kuposa umene ndili nawo. Akuti ikhala itatha mawa.

China ndi nsalu ya patebulo. Ndikufuna kuyesa njira imene amagwiritsa ntchito a Tribal Textiles ku Mfuwe: amajambula pansalu ndi phala la ufa, likauma amapaka utoto, kenako amapala phalalo n'kutsala mizere yoyera. Nsalu yoyera ndagula kale, ndaichapa kuti ichoke kulimba kwa kusitolo, ndipo ndalemba ndi pensulo zithunzi za zipatso za mlombwa m'mphepete monse. Phala ndidzathira m'botolo la pulasitiki loboola pachivindikiro kuti lizituluka kamzere. Koma limafuna dzuwa lenileni kuti liume mpaka kung'aluka, ndipo kuyambira Lolemba kumwamba sikunatseguke. Likawala Loweruka m'mawa ndiyamba. Kukapitirira mvumbi, patebulo padzayalidwa chitenje chimene apongozi andibweretsera, nsaluyo idzadikira Pasaka.